Lipoti la nkhani: kuonda ndi kunenepa kwa mayi wovutika m'chaka choyamba atachira

Lipotili ndalembera anzanga a unamwino ndi uzamba, makamaka amene amakhala pa sikelo ya ana. Likunena za mayi amene tinawatsatira kwa chaka chathunthu atabereka mwana wawo wachitatu. Eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, ndipo zonse zimene zingawadziwikitse ndachotsamo. Chandichititsa kulemba n'chakuti m'chaka chimodzicho thupi lawo linatsika kwambiri, kenako n'kukwera kupitirira pomwe linali asanatenge pakati, koma nthawi yonseyi BMI yawo, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, sinatulukemo m'gulu la anthu amene timati ali bwinobwino. Munthu wongoyang'ana tchati sakanapeza cholakwika chilichonse.

Mbiri ya mayiwa

Ndi mayi wa zaka zoyandikira 30, wotalika mamita 1.60. Asanaime ankalemera makilogalamu 56, kutanthauza BMI ya 21.9. Mwana wachiwiri anali asanakwanitse zaka ziwiri pamene wachitatuyu ankabadwa, choncho pakati anatenga akuyamwitsabe, thupi lisanapume. Bungwe la WHO limalangiza kuti papite miyezi 24 mayi atabereka asanatengenso pakati pena. Amuna awo amagwira maganyu, lero apeza mawa ayi. Mayiwa ankachita kageni kakang'ono, koma mimba itakula anasiya, ndipo mpamba wonse unathera pa lendi ndi zokonzekera mwana.

Pa miyezi isanu ndi inayi ya pakati anangowonjezera makilogalamu 8, kufika pa 64. Malangizo amene bungwe la Institute of Medicine la ku America linatulutsa mu 2009 amati mayi amene BMI yake inali pakati pa 18.5 ndi 24.9 awonjezere makilogalamu 11.5 mpaka 16. Apa ndiye kuti mayiwa anafika pobereka alibe mafuta okwanira amene thupi limasungira nthawi yoyamwitsa. Anachira bwinobwino popanda opaleshoni. Magazi anataya ochulukirapo, koma sizinafike poti awonjezeredwe ena. Monga zimakhalira, mwana, nsengwa ndi madzi zinachotsa makilogalamu pafupifupi 6 nthawi imodzi. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ankalemera 55, ndipo m'buku mwawo munalembedwa kuti ali bwino. Panalibe chifukwa cholembera zina.

Pa miyezi inayi

Anabwera kudzakweza mwana sikelo, osati kudzadandaula. Mwana ankakula bwino kwambiri, mzere wake pa khadi ukukwera mosangalatsa. Mnzanga wina ndiye anaona kuti siketi ya mayiwa inali yopinda m'chiuno n'kumangidwa ndi phini, ndiponso kuti podzuka pa benchi anayamba agwira khoma kaye, n'kuima pang'ono asanaponye phazi. Tinawapempha kuti nawonso akwere sikelo. Anaseka, amvekere, "Ine ndabwera ndi mwana, a nesi." Sikelo inaonetsa makilogalamu 50. BMI inali 19.5, yovomerezeka ndithu. Koma m'masabata osakwana 12 anali atataya makilogalamu 5, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lawo. Lamba woyezera mkono anaonetsa masentimita 22.5, pansi pa 23 pamene mapulogalamu ambiri a zakudya amayambira kuda nkhawa ndi mayi woyamwitsa. M'maso ndi m'zikhato munali moyezuka, ndipo mtima unkagunda ka 96 pa mphindi ali chikhalire.

Funso lakuti "Mukudya bwino?" ndinasiya kalekale kulidalira, chifukwa yankho lake ndi "eya" kwa aliyense. Palibe mayi amene angayankhe pagulu kuti kunyumba kwake kulibe chakudya. Tinalowa m'chipinda, tinatseka chitseko, ndipo ndinawafunsa kuti andiuze chilichonse chimene chinalowa m'kamwa mwawo dzulo lake, kuyambira podzuka mpaka pogona. M'mawa anamwa tiyi wa shuga basi. Masana anaphikira ana, iwo n'kupukuta makombo a m'mbale za anawo. Madzulo anagawira amuna awo, anagawira ana, ndipo zimene zinatsalira mumphika ndizo anadya, ataimirira, mwana ali kubere. Nditafunsa ngati zinali za dzulo lokha, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ana akakhuta, nanenso ndakhuta."

Pali mafunso awiri amene anatulutsidwa ku America mu 2010, otchedwa Hunger Vital Sign, ofufuzira njala ya pakhomo. Loyamba limafunsa ngati m'miyezi 12 yapitayi munthu anadapo nkhawa kuti chakudya chitha asanapeze ndalama yogulira china. Lachiwiri limafunsa ngati chakudyacho chinathadi, ndalama palibe. Mayiwa anavomera onse awiri. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi, lili ndi mafunso ake asanu ndi atatu ofufuza mozama, koma pa sikelo yodzaza anthu awiriwa amakwanira kutsegula nkhani.

Tiyenera kukumbukira chimene kuyamwitsa kumatenga m'thupi. Lipoti la FAO, WHO ndi yunivesite ya United Nations (UNU) la mu 2004 limati mayi wodya bwino amafunika makalori 505 owonjezera tsiku lililonse m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, koma mayi woperewera zakudya kapena amene sanawonjezere thupi mokwanira ali ndi pakati amafunika 675. Thupi la mayi silichepetsa mkaka msanga chakudya chikachepa. Limayamba kudzidya lokha, mafuta kenako mnofu, kuti mwana apeze chake. N'chifukwa chake khadi la mwana likhoza kukongola pamene mayi ake akutha. Mzere wokwera uja unkatiuza kuti mwana ali bwino, ndipo zinali zoona, koma za amene akumuyamwitsa sunkatiuza kanthu.

Zimene tinayeza

Umphawi usatichititse ulesi wofufuza matenda. Mayi wosauka akaonda, n'chapafupi kunena kuti ndi njala n'kumutulutsa, pamene osauka omwewo ndi amene chifuwa chachikulu chimawakonda. Tinawayeza HIV ndipo analibe. Sankakhosomola, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, komabe chifukwa cha kuondako tinawajambula pachifuwa, osapezeka kanthu. Shuga anali bwino. Tinayezanso TSH, homoni yoonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, chifukwa amayi pafupifupi 5 pa 100 alionse chithokomiro chawo chimatupa akabereka. Matendawa amayamba ndi kuonda, mtima kuthamanga ndi kunjenjemera m'miyezi inayi yoyamba, kenako amatembenuka n'kubweretsa kufooka ndi kunenepa. Zotsatira zinali zabwino. Popeza anataya magazi pobereka, tinaganizirako za matenda a Sheehan, amene amabwera kachiwalo ka m'mutu kotulutsa mahomoni kakawonongeka chifukwa chotaya magazi ambiri, koma mkaka unkatuluka wambiri ndipo BP sinali yotsika, ndiye tinawachotsa pa mndandanda.

Chimene chinapezeka ndi kuchepa kwa magazi. Hemoglobini inali 9.8, pomwe mayi wosayembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa. Mapiritsi a ayironi amene anapatsidwa potuluka m'chipatala anangomwa masiku ochepa, chifukwa kumwa m'mimba mopanda kanthu kunkawachititsa nseru.

Kenako tinafika pa maganizo. Tinagwiritsa ntchito EPDS, mafunso khumi ofufuzira kuvutika maganizo kwa amayi obereka kumene, amene Cox, Holden ndi Sagovsky anatulutsa mu 1987 ku Edinburgh. Amafunsa za masiku asanu ndi awiri apitawo, ndipo zotsatira zimayambira pa 0 kufika pa 30. Kuyambira pa 13 timaganizira matenda ovutika maganizo. Mayiwa anapeza 16. Funso lomaliza, la maganizo ofuna kudzivulaza, anayankha kuti ayi, ndipo nditawafunsanso mwachindunji ndi mawu anga anabwereza zomwezo. Anati amalira posamba kuti ana asawaone, amadziona ngati mayi wolephera, ndipo ngakhale tsiku limene chakudya chilipo chokwanira pakamwa pamangowawa. Kumenyedwa anakana, koma anati mikangano ya ndalama ndi ya tsiku ndi tsiku.

EPDS siifunsa za kudya kapena kulemera, ndipo anaipanga dala choncho, poti mayi aliyense wongobereka kumene amatopa ndipo kadyedwe kake kamasintha. Izi n'zabwino pofufuza maganizo, koma zikutanthauza kuti pepala limenelo palokha silingakuuzeni kuti munthu akuonda. Sikelo nayo siingakuuzeni kuti munthu akulira. Ziwirizi ziyenera kuchitikira m'chipinda chimodzi, wofunsa akhale mmodzi. Vutoli si lachilendo: WHO imati amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amene angobereka amadwala maganizo, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20 pa 100.

Thandizo loyamba

Tinawayambitsanso ayironi, n'kugwirizana kuti azimwa usiku atangodya, osati ndi tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Tinawatumiza kwa a zachisamaliro cha anthu ndipo analembedwa pa thandizo la chakudya la amayi oyamwitsa kwa miyezi itatu. Sindinawapatse pepala la magulu a zakudya. Munthu amene sadziwa chimene aphike mawa ukamupatsa chithunzi cha mbale yodzaza mitundumitundu, umangomuwonjezera manyazi. Tinakambirana chinthu chimodzi chokha: azidzigawira mbale yawo nthawi imodzi ndi ya ana, asanayambe aliyense kudya, ndipo adye atakhala pansi.

Zimenezi sizikanatheka popanda amuna awo, ndiye tinawaitana. Anabwera atakwiya pang'ono, akuganiza kuti tikufuna kuwaimba mlandu wosasamala banja. Titawaonetsa manambala atatu aja m'buku, 64, 55 ndi 50, anangoti kukamwa yasa. Iwo ankaona mbale yawo ikubwera yodzaza, ndiye ankayesa kuti aliyense wadya. Kuonda kwa akazi awo ankakuona, koma anthu ankawayamikira mayiwa kuti thupi labwerera msanga, ndipo bambowo anangotengera zomwezo.

Mankhwala a maganizo sitinapereke. Malangizo a WHO a matenda a maganizo, otchedwa mhGAP, amati kwa mayi woyamwitsa tiyambe ndi uphungu, mankhwala abwere ngati uphunguwo sunathandize kapena matenda ndi aakulu. Phungu wathu anatsatira njira ya Thinking Healthy, imene inayesedwa kumidzi ya ku Rawalpindi ku Pakistan, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2008, ndipo WHO inaitulutsa ngati buku mu 2015. Ubwino wake ndi wakuti siifuna dokotala wa maganizo, ndiponso imayambira pa zinthu zimene mayi amazidera nkhawa kale: thanzi lake, ubale wake ndi mwana, ndi ubale wake ndi anthu omuzungulira. Mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi, mayiwa ankalemera makilogalamu 53, hemoglobini inali 11.4, ndipo EPDS inatsika kufika pa 11. Tsiku lomwelo anasankha jakisoni wolera wa miyezi itatu.

Kutembenuka kwa zinthu

Kenako anasowa. Mwana ankabwera naye ku sikelo ndi mchemwali wawo, ndipo jakisoni wachiwiri anakabayitsa kwina. Tinawaonanso mwana ali ndi miyezi khumi, akulemera makilogalamu 59. Anabwera ndi dandaulo limodzi: jakisoni akuwanenepetsa, ndipo sakumufunanso.

Kunena zoona, pongowaona aliyense akanasangalala. Masaya anali atabwerera, phini uja kunalibe. Koma makilogalamu 6 m'miyezi inayi si kuchira wamba, ndipo maso awo anali ofiira ngati munthu amene sanagone. Thandizo la chakudya litatha anapeza ntchito yausiku yokolopa m'maofesi. Ankaweruka mbandakucha, kukonzekeretsa wamkulu kupita kusukulu, kenako kutsala ndi ang'ono awiri tsiku lonse. Tulo ankatolera apa ndi apo, maola anayi kapena asanu. Kuti asagone pa ntchito ankamwa zakumwa za shuga, ndipo chakudya chimene ankatha kugula usiku ndi ndalama yochepa chinali chokazinga ndi chokhutitsa msanga. Kuyamwitsa kunatsala kwa m'mawa ndi madzulo, kotero makalori amene ankapita ku mkaka anachepa. Malipiro akabwera, sabata yoyamba ankadya mopitirira, akuti "ndidyeretu", sabata yomaliza ya mwezi n'kubwerera ku makombo. Mafunso awiri a njala aja anavomeranso onse.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa tinazolowera kuganiza kuti njala imaondetsa basi. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana waonetsa kuti amayi a m'mabanja osowa chakudya amathanso kukhala onenepa kwambiri, ndipo izi zimaoneka kwambiri mwa akazi kuposa amuna. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Ufa woyera, shuga ndi mafuta zimapereka makalori ambiri pa ndalama yochepa, pamene zomanga thupi, zipatso ndi masamba zimadula ndiponso sizichedwa kuwonongeka. Kudzimana kosinthana ndi kudya mopitirira kumawonjezera vutolo. Munthu amanenepa koma magazi ali ochepabe: hemoglobini ya mayiwa inali itaima pa 11.2.

Ku America, kafukufuku amene Endres ndi anzake anasindikiza mu 2015, wa amayi ambiri opeza movutikira, anapeza kuti patatha chaka atabereka amayi atatu mwa anayi alionse ankalemera kuposa mmene analili asanatenge pakati. Pafupifupi theka anatsala ndi makilogalamu oposa 4.5, ndipo mmodzi mwa anayi anatsala ndi oposa 9. Pa nkhani ya tulo, Gunderson ndi anzake mu 2008 anapeza kuti amayi amene ankagona maola asanu kapena kucheperapo mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi anali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi katatu chotsala ndi makilogalamu 5 kapena kuposa pakutha pa chaka. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu zikuyendera limodzi, osati kuti china ndicho chayambitsa chinzake, koma zimagwirizana ndi zimene timadziwa, kuti kusagona kumakulitsa njala ndi chilakolako cha zotsekemera.

Tinayezanso TSH, poti iyi ndi miyezi imene chithokomiro chimatha kufooka. Inali bwino. Pakati analibe, shuga anali bwino, BP inali 128/82. EPDS inali itakweranso kufika pa 14. Ulendo uno sankalira kwambiri, koma anati amapsa mtima msanga, amakalipira ana pa zinthu zazing'ono kenako n'kudziimba mlandu, ndipo sakufuna kudziyang'ana pa galasi. Ena ankawayamikira kuti akusamalidwa, ena kuntchito ankawaseka kuti adzitayirira. Iwo onse awiriwo ankawamva kuwawa.

Nkhani ya jakisoni

Sindinawatsutse. Jakisoniyu amanenepetsadi amayi ena, ngakhale kuti kuunika kwa bungwe la Cochrane kwa mu 2016 kunapeza kuti m'makafukufuku ambiri a njira zolera za homoni ya projesitini yokha, kuwonjezera kwake sikunafike makilogalamu awiri pa miyezi 6 mpaka 12. Ndinawauza maganizo anga mosabisa, kuti jakisoni mwina ali ndi gawo lake, koma laling'ono poyerekeza ndi ntchito yausiku ndi kadyedwe kake. Komabe mayi akataya chikhulupiriro pa njira yolera, ukamuumiriza amangosiya mwakachetechete, ndipo pakati pachinayi pa thupi limeneli pakanakhala tsoka lalikulu kuposa makilogalamu asanu ndi limodzi. Tinakambirana njira zonse, ndipo anasankha lupu ya kopa, yopanda mahomoni. Tinawachenjeza kuti ikhoza kuchulukitsa msambo, choncho ayironi apitirize ndipo magazi tiziwayeza.

Zochepetsa thupi sitinakambe n'komwe. Munthu amene miyezi isanu ndi umodzi yapitayo tinkamuchonderera kuti adye, sitikanamuuza lero kuti achepetse, ndipo mayi wozolowera kudzimana akamva mawu amenewo kwa namwino amawatenga ngati chilolezo. WHO imalangiza amayi obereka kumene kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata, koma amene amakolopa usiku wonse n'kuyenda wapansi kupita kuntchito anazikwanitsa kale. Tinagwirizana kuti azinyamula chakudya cha kunyumba ndi botolo la madzi popita kuntchito, kuti ndalama ya chakudya azigula zosawonongeka za mwezi wonse tsiku lolandira, ndiponso kuti mchemwali wawo azitenga ana maola atatu masana kuti iwo agone tulo tosadukiza. Uphungu unayambiranso.

Zimene nkhaniyi yasintha pa kagwiridwe kathu ka ntchito

Malangizo a WHO a mu 2022 amati mayi aonedwe m'maola 24 oyamba, pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndiponso m'sabata yachisanu ndi chimodzi. Zonse zimene zinachitikira mayiwa zinayamba maulendo anayiwa atatha. Kuyambira pamenepo mayi amabwerabe kuchipatala mwezi ndi mwezi, koma ngati wonyamula mwana. Panopa mayi aliyense wobwera ku sikelo amakwera nayenso, ndipo nambala yake timailemba moyandikana ndi ya mwezi watha komanso ya asanatenge pakati. Sitiyang'ana gulu la BMI lokha, timayang'ana kumene nambala ikulowera ndi liwiro lake. Ikasintha ndi makilogalamu oposa awiri pa mwezi, kaya kutsika kaya kukwera, mayiyo amalowa m'chipinda kukafunsidwa za dzulo, mafunso awiri a njala, maola a tulo ndi EPDS. Anzanga ena anadandaula kuti mzere utalika, ndipo watalikadi pang'ono. Sikelo tinaiika kuseri kwa katani, chifukwa amayi ambiri safuna kuti nambala yawo imveke pagulu.

Mwana atakwanitsa chaka, mayiwa ankalemera makilogalamu 62, BMI 24.2, kutanthauza makilogalamu 6 pamwamba pa thupi lawo lakale ndi 12 pamwamba pa pomwe anatsikira. Kukwerako kunali kusanaime. Hemoglobini inafika pa 12.1, EPDS pa 10. Ntchito yausiku akugwirabe, poti ndi yokhayo imene ikulipira lendi, ndipo dongosolo la tulo ta masana limatheka masiku ena, ena ayi. Apempha abwana awo kuti awasinthire ku shifiti yamasana ndipo akudikira yankho. Tidzawaonanso pakatha miyezi itatu kuti tiyeze kulemera, BP, hemoglobini ndi EPDS. Ngati EPDS idzabwerere pa 13 kapena kuposa, tagwirizana kale ndi eni ake kuti adzaonana ndi dokotala pa nkhani ya mankhwala oyenera mayi woyamwitsa.